Ku Donnybrook injini zikulira, patsamba la masewero pali zii

Ndine makaniko, ndipo nyuzipepala ndimayambira kumapeto, kumene kumakhala zamasewero. Chizolowezichi ndinatengera kwa bambo anga, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kudzagwira ntchito m'nyumba za azungu muno mu Harare mpaka imvi mbuu. Iwo ankafuna nkhani ya timu ya mpira ya Dynamos basi, ndipo ankaipeza tsiku lililonse. Inenso Dynamos ndimaifuna, koma pali chinanso chimene ndimasakasaka osachipeza, ndicho nkhani ya mjaho wa magalimoto. Lolemba ndimatsegula masamba ndikudziwiratu zimene zilimo. Ligi ya kuno, ligi ya ku England, kiriketi ngati ma Chevrons, timu ya dziko lino, anasewera, rugby pang'ono, nkhonya mwa apo ndi apo. Za magalimoto, ukachita mwayi, ndi kachithunzi ka Max Verstappen kapena Lewis Hamilton ndi timizere tochepa totapa kwa atolankhani akunja. Zimene zinachitika ku Donnybrook, bwalo la mjaho la muno mumzinda momwe, sudzaziona.

Ku Gazaland, ku Highfield, kumene ndimagwira ntchito, nkhaniyi timakangana nayo kawirikawiri tikamadya nsima ya masana, mbale zili pa boneti. Ena amati atolankhani amadana ndi mjaho. Ena amati palibe choti alembe, chifukwa masewerowa ndi a anthu ochepa olemera a ku Borrowdale. Ine ndimati kunyalanyazako kulipo ndithu, koma anzanga ambiri amaloza polakwika. Iwo amadandaulira Formula 1, kuti sapatsidwa malo okwanira. Formula 1 si yofunika kuimvera chisoni. Chimene chikufa ndi njala ndi mjaho wathu wa konkuno, limodzi ndi anthu a manja a girizi amene amauchititsa kuti uyende.

Za Formula 1 sindichedwapo. Amene ali ndi DStv ya mtengo wapamwamba amaonera zonse pa SuperSport, kuyambira zoyeserera za Lachisanu, kulimbirana malo oyambira Loweruka, mpaka mjaho weniweni Lamulungu. Mu 2024 munali mijaho 24. Chichokereni 2017, pamene kampani ya ku America ya Liberty Media inagula masewerowa, timavidiyo tawo tadzaza pa YouTube, Facebook ndi TikTok, ndipo pulogalamu ya pa Netflix imene inayamba mu 2019 inakopa anthu amene sanaonepo m'kati mwa giyabokosi. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito panopa anakagula kapu yofiira ku msika wa Mupedzanhamo chifukwa Hamilton analowa Ferrari mu 2025. Oyendetsa onse amawatchula pamtima. Ku Donnybrook sanapondeko. Vuto la Formula 1 kuno ndi ndalama yolipirira dikoda, kuthimathima kwa magetsi, ndi limoti ya ku bala. Mijaho ya ku Ulaya imayamba Lamulungu masana, nthawi yomwenso mpira wa ku England ukuyandikira, ndipo mwini bala sangachotse Arsenal kapena Manchester United chifukwa cha anthu atatu okhala pakona. Sindimuimba mlandu. Amene amagula mowa wake ndi anthu a mpira.

Tsopano tamvani izi. Pakati pa 2007 ndi 2011, chikho cha African Rally Championship, chimene ndi chachikulu kwambiri pa mijaho ya m'misewu ya fumbi mu Africa muno, chinabwera ku Zimbabwe kanayi. Conrad Rautenbach anachitenga mu 2007 ndi 2011, Jamie Whyte mu 2009 ndi 2010. Rautenbach yemweyo anapikisanapo mu World Rally Championship pa galimoto ya Citroën, ndipo mu 2017 anamaliza pa nambala 9 ku Dakar Rally, pa Toyota Hilux, ulendo wake woyamba. Axcil Jefferies, amene anayambira pa timagalimoto ta kart ali mwana, anafika mpaka mu GP2, khomo lolowera mu Formula 1 nthawi imeneyo, ndipo anali m'timu imene inapambana mjaho wa maola 24 wa ku Dubai mu 2021, n'kubwerezanso chaka chotsatira ali m'timu ina. Tanya Muzinda, mtsikana wa muno mu Harare, anakwera njinga yamoto ya motocross ali wamng'ono kwambiri, bambo ake akumuphunzitsa, ndipo mu 2021 a BBC anamuika pa mndandanda wawo wa akazi 100 a chaka chimenecho.

Ikani zimenezi pambali pa ma Warriors, timu ya mpira ya dziko lino. Anapita koyamba ku Africa Cup of Nations mu 2004, ndipo sanadutsepo ndime ya m'magulu. FIFA itaimitsa Zimbabwe kuyambira Febuluwale 2022 mpaka Julayi 2023, masamba a mpira sanachepe ngakhale pang'ono. Anadzaza ndi mikangano ya m'maofesi, amene wachotsedwa, amene walemba kalata, amene wapita kukhoti. Ndikunena izi mtima ukundiwawa, pakuti ma Warriors ndi anga. Koma mfundo yoti nyuzipepala imatsata opambana siingaime. Ikanakhala yoona, mwana aliyense wa ku Mbare akanadziwa dzina la Whyte.

Sindikunena kuti mayinawa sanalembedwepo. Amalembedwa. Munthu akapambana kunja, chithunzi chimatuluka, atanyamula chikho, mbendera ili paphewa. Akasowa ndalama zopitira ku mpikisano, nkhani yopempha thandizo imatulukanso. Koma imeneyo ndi nkhani ya mwana wathu amene wachita bwino kwa eni, kapena amene wavutika. Si nkhani ya masewero. Taonani mmene mpira umalembedwera. Lolemba zigoli ndi tebulo la ligi. Lachitatu wosewera wavulala bondo. Lachisanu kochi walankhula zokhadzula. Loweruka mndandanda wa amene ayambe. Nkhani imodzi imagwirana ndi inzake sabata ndi sabata, ndipo ngakhale amayi anga, amene sanalowepo mu Rufaro, ankadziwa kuti chaka chino CAPS United yavuta. Munthu amakonda chimene akuchitsatira. Mjaho umangotumphuka kamodzi n'kumiranso. Palibe tebulo la mapointi, palibe kalendala, sudziwa amene akutsogola chaka chino, kapena amene akumupumira m'khosi. Wowerenga angakonde bwanji mpikisano umene sakudziwa kuti unayamba liti ndipo utha liti?

Ine ndinakulira ku Mabvuku, kum'mawa kwa mzinda, kumene ife a ku Malawi, a ku Mozambique ndi a ku Zambia tinadzazana kuyambira kale, ndipo gule wamkulu amatuluka mpaka lero. Donnybrook ili chapafupi, cha ku msewu wa Arcturus. Masiku ena a Loweruka ndi Lamulungu, mphepo ikachokera kumeneko, tinkamva kulira kwa injini, kukwera, kuduka, kukweranso. Ndinafunsapo amalume anga kuti chikulira n'chiyani. Anati, "Ndi azungu akusewera ndi magalimoto awo, iwe zisiye." Wailesi imene inkatiuza chilichonse cha ku Rufaro ndi ku Barbourfields, malo amene sitikanafika wapansi, sinatiuzepo kanthu za phokoso limene tinkalimva ndi makutu athu tili pakhonde. Ndinakalowa pageti paja ndili kale bambo wa ana, kasitomala wina atandipempha kuti ndikamuthandize pa mabuleki.

Zimene ndinaona kumeneko n'zimene zimandilembetsa lero. Kumbuyo kwa malo oimikira magalimoto kunali anthu ngati ine. Ovolosi yong'ambika pabondo, sipanala m'thumba lakumbuyo, chiguduli paphewa. Bambo wina wachikulire, amene nditamva kalankhulidwe kake ndinamulonjera m'Chichewa n'kuyankha mosangalala kuti kwawo n'ku Ntcheu, anali atagwada pafupi ndi Datsun yakalekale. Galimoto itangobwera kuchokera m'bwalo, iye sanayang'ane nkhope ya woyendetsa. Anaika chikhatho pa tayala lakutsogolo, m'mbali, pakati, m'mbali inayo, kumvetsera pamene patentha kwambiri. Kenako anatenga geji, n'kuphwetsa mpweya pang'ono chabe, psi, n'kuyezanso. Ndinamufunsa kuti, "Bambo, mukuchotseranji mpweya tayala lili bwinobwino?" Anati, "Mwana wanga, tayala likatentha mpweya umafufuma, ndiye limagwira msewu ndi pamimba pokha. Pagulaye paja limuthawa." Atatero anamasula pulagi imodzi, n'kuiyang'ana padzuwa. Ikakhala yakuda ndi mwaye, petulo wachuluka. Ikayera mbee, wachepa, ndipo pisitoni ikhoza kupsa. Iye ankafuna ya mtundu wa khofi wothira mkaka. Anandikumbutsanso kuti Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, choncho injini yopanda turbo imataya mphamvu, ndipo kabureta yochunidwa kumalo otsika singagwire bwino kuno.

Ife tinali pa mabuleki. Mafuta ake anali atawira chifukwa cha kutentha, pedulo n'kumangolowa pansi ngati waponda siponji. Ndinagona pansi pa galimoto, mnzanga ali pampando, ine n'kumakuwa monga timachitira ku Gazaland tsiku lililonse: "Popa! Popa! Popa! Gwira!" Kumasula, mpweya kutuluka, kumanga, kuyambiranso. Ntchito yomweyo imene ndimachita pa kombi ya ku Machipisa, koma apa mphindi zikuwerengedwa, ndipo munthu akukhulupirira dzanja lako pamene akuthamangira pagulaye pa liwiro loopsa. Galimoto ija itabwerera m'bwalo n'kudutsa inzake pomanga mabuleki mochedwa, ndinamva chimene wosewera mpira amamva akapereka mpira wa chigoli.

M'mphepete mwa msewu munaima anthu ongodzipereka, onyamula mbendera. Yachikasu, chenjera, usapitirire mnzako. Yabuluu, wothamanga kuposa iwe ali kumbuyo. Yofiira, mjaho waima. Cha uko ana aang'ono, zipewa zikuluzikulu kuposa mitu yawo, ankazungulira pa ma kart. Kwina njinga zamoto zinkalumpha zitunda, fumbi koboo. Lolemba lake ndinagula nyuzipepala ziwiri. Munalibe ngakhale mzere umodzi.

N'chifukwa chiyani zili chonchi? Chifukwa choyamba ndi mbiri, ndipo amalume anga sananame. Pa 2 Januwale 1967, ku Kyalami, John Love wa ku Bulawayo, ali ndi zaka 42, anatsogola South African Grand Prix pa galimoto yakeyake ya Cooper ya injini yaing'ono kuposa za matimu akuluakulu a ku Ulaya. Kutatsala pang'ono kuti mjaho uthe, anapatuka kukathira mafuta, Pedro Rodríguez n'kumudutsa, iye n'kumaliza wachiwiri. Love yemweyo anakhala katswiri wa Formula 1 ya ku South Africa zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana, kuyambira 1964 mpaka 1969. Mu 1968 iye ndi Sam Tingle anafika ku Kyalami magalimoto awo atapentedwa mitundu ya ndudu za Gunston, ndipo mbiri ya Formula 1 imawawerengera kuti anali oyamba kuvala mitundu ya kampani yotsatsa malonda pa mjaho wa chikho cha dziko lonse. Ndi nkhani yokoma, ndipo ine monga makaniko ndimavula chipewa. Koma zaka zomwezo makolo athu ambiri, amene anabwera pa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kapena wapansi kudzera ku Tete, anali m'minda ya fodya ndi m'migodi, ena akutsuka magalimoto amene sakanaloledwa kuwayendetsa pa mpikisano. Mjaho unali kuseri kwa mpanda. Mpira unali wathu, m'makomboni ndi m'malokeshoni. Ufulu utabwera mu 1980, atolankhani akuda amene analowa m'manyuzipepala anali ana a mpira, ndipo analemba chimene ankachidziwa ndi kuchikonda. Mpanda wa waya unagwa, koma wa m'mutu unatsala, mbali zonse ziwiri.

Ndipo mpira malo ake unawagwirira ntchito, makamaka kwa ife machona ndi ana a machona. Pamene ena ankatitchula mayina onyoza, m'bwalo la mpira ndi mmene dzina la kwathu linkaimbidwa ndi anthu onse. Benjani Mwaruwari, mwana wa makolo a ku Malawi wobadwira ku Bulawayo, anakhala kaputeni wa ma Warriors n'kukasewera ku Manchester City. Joseph Kamwendo anachoka ku Malawi n'kudzasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya kuno mu 2005, ali ku CAPS United. Kalisto Pasuwa anatenga zikho ndi Dynamos kenako n'kukatenganso ndi Bullets ku Blantyre. Mu Januwale 2022, Flames itagonjetsa ma Warriors 2-1 ku Cameroon, Gabadinho Mhango atamwetsa zonse ziwiri, m'nyumba mwathu munali chisokonezo, ana akulira, agogo awo akuvina. Sindingapemphe kuti alande tsamba la mpira n'kupatsa magalimoto. Ndikupempha kangodya chabe, koma kokhazikika.

Chifukwa chachiwiri ndi ndalama, ndipo apa anzanga amene amati masewerowa ndi a olemera ali ndi mbali yawo. Mpira umafuna mapepala apulasitiki ndi chingwe. Kart imafuna injini, matayala amene amatha msanga, petulo, chipewa, ndi galimoto yonyamulira. Ngakhale Hamilton, bambo ake ankagwira ntchito zingapo nthawi imodzi kuti mwana azithamanga. Koma kudula kwa masewero sikuletsa anthu kuonerera. Taganizani za mahatchi a ku Borrowdale Park. Ndani wa ku Tafara ali ndi hatchi? Komabe mijaho ya mahatchi ya OK Grand Challenge ndi Castle Tankard amaidziwa aliyense, anthu amakhamukirako, wailesi ndi nyuzipepala zimalengeza milungu yambiri zisanachitike. Zili choncho chifukwa kumbuyo kwake kuli makampani amene amagula malo otsatsira malonda, ndipo ku OK Grand Challenge anthu wamba amawinako ngakhale magalimoto. Mkonzi wa nyuzipepala amatsata owerenga, inde, koma amatsatanso amene akulipira tsamba. Makampani ogulitsa matayala, oyilo, mabatire ndi ma spare, amene timawapatsa ndalama tsiku lililonse ife a ku Gazaland ndi a mu Kaguvi Street, akanafuna akanalipira kangodya kamene ndikunenaka osamva n'komwe kupweteka.

Chachitatu n'chakuti mjaho ndi wovuta kuulemba. Mtolankhani wa mpira amakhala pampando umodzi mphindi 90, zonse zikuchitika pamaso pake. Pa rally magalimoto amanyamuka imodziimodzi, akulimbana ndi wotchi, m'misewu ya kutchire yotalika makilomita ambirimbiri. Ukaima pagulaye pamodzi umaona fumbi, galimoto vuu, basi yapita, ndipo sudziwa ngati ikutsogola kapena ikutsalira. Kuti uonetse pa kanema pamafunika makamera ambiri, pamene maofesi a nkhani masiku ano antchito achepa, galimoto imodzi akulimbirana anthu a ndale, a kukhoti ndi a masewero. Kuwonjezera apo, uyenera kudziwa chimene ukuyang'ana. Anthu amati, "Kungozungulira basi, chosangalatsa n'chiyani?" Amatero chifukwa palibe anawafotokozera. Palibe anawauza kuti woyendetsa amene walephera kudutsa mnzake m'bwalo akhoza kulowa msanga kukasintha matayala, n'kuthamanga kwambiri pa atsopanowo, kuti mnzakeyo akamadzatuluka kosintha ake apeze wadutsidwa kale. Palibe anawauza kuti anthu pafupifupi 20 amasintha matayala anayi m'masekondi awiri, ndipo a McLaren anachitapo m'masekondi 1.80 ku Qatar mu 2023. Palibe anawauza kuti injini ya Formula 1 ndi ya malita 1.6, kungoposa pang'ono ya Honda Fit ya mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo, imene akwera popita kuntchito, koma pamodzi ndi mbali yake ya magetsi imatulutsa mphamvu ya akavalo pafupifupi 1,000. Ndikawauza zimenezi anyamata a pa galaja, maso amatuluka, mafunso osatha. Chidwi chilipo. Chikusowa ndi munthu wofotokoza.

Nawonso okonza mijaho ali ndi mlandu wawo, ndisawabisire. Ambiri amalengeza pa timagulu ta pa Facebook ndi WhatsApp, m'Chingerezi, kwa anthu amene akudziwa kale. Zotsatira zimatuluka mochedwa, mwina osatuluka n'komwe, mwina ngati chithunzi cha pepala lodzaza manambala amene mtolankhani wa mpira sangawamasulire. Mwana akalira ndi pamene amayamwa. Akuluakulu a mpira amaimbira atolankhani foni, amawasungira mpando, amawapatsa mndandanda wa osewera m'manja. A mjaho ambiri akuoneka kuti anazolowera kukhala okhaokha, ndipo ena mwina zimawakomera choncho. Chikwangwani chimodzi pa siteji ya makombi ku Mabvuku, cholembedwa m'Chishona, chonena tsiku ndi mtengo wa pageti, chikanabweretsa anthu amene akhala akumva phokosolo moyo wawo wonse.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Galimoto yothamanga imalowa m'nyuzipepala mosavuta ikapha munthu. Pamenepo imapeza tsamba loyamba, chithunzi chachikulu, zitsulo zopindikapindika. Choncho mwana wa m'lokeshoni amakula akudziwa liwiro ngati upandu kapena ngati imfa, osadziwa kuti lili ndi malo ake, malamulo ake, chipewa, lamba, zitsulo zotchinga m'kati mwa galimoto, ambulansi yodikira, ndi anthu a mbendera. Ine ndimakonza magalimoto a anyamata a mushikashika. Ena mwa iwo ali ndi dzanja lodabwitsa pa chiwongolero, amamva galimoto ndi thupi lonse. Luso limenelo amalionetsera mu Seke Road ndi mu Simon Mazorodze, atanyamula amayi ochokera ku Mbare Musika ndi madengu awo, ndipo ena tinawaika m'manda. Madzulo a Loweruka ena amasonkhana pamalo oimika magalimoto kumazunguza BMW zakale mpaka matayala kuphulika, anthu ataunjikana pafupi popanda chotchinga chilichonse. Ku South Africa masewero ozunguza magalimotowa, amene anakulira m'malokeshoni ngati Soweto, tsopano amachitikira m'mabwalo otchingidwa bwino, ndipo nduna ya zamasewero Gayton McKenzie imawalimbikitsa poyera. Kunonso amachitika mwadongosolo nthawi zina, ndipo anthu amadzaza. Amenewa si azungu a ku Borrowdale. Ndi ana athu. Nyuzipepala ikanamalemba za iwo ngati ochita masewero, kutchula wopambana ndi makaniko wake, kunena kumene mnyamata angakalembetse, ena akanachoka pamsewu n'kupita kubwalo. Sindikuti onse. Koma ngakhale mmodzi.

Amene amati Mwafirika sakonda mjaho akaone ku Kenya. Safari Rally inayamba mu 1953, m'nthawi ya atsamunda ngati mijaho ya kunoyi, koma Akenya anaitenga kukhala yawo. Inachoka pa kalendala ya World Rally Championship itatha ya 2002, n'kubwerera mu 2021, ndipo ikamachitika anthu amakhamukira ku Naivasha mpaka misewu kutsekeka, wailesi ndi makanema akuulutsa, mtsogoleri wa dziko akukweza mbendera yoyambitsira. Anthu a kumeneko si olemera kuposa ife. Anangokula akuimva pa wailesi chaka ndi chaka, mayina a oyendetsa akutchulidwa m'nyumba. Formula 1 inathamanga komaliza mu Africa mu 1993 ku Kyalami, ndipo mu Disembala 2024 Pulezidenti Paul Kagame analengeza kuti Rwanda ikufuna kuibweretsa. South Africa nayonso ikuifuna. Ikadzabwera, manyuzipepala athu adzadzaza masamba sabata imodzi, ndikudziwa. Ine ndikufunsa za masabata enawo.

Malamulo a dziko lino a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo National FM imaulutsa mapulogalamu m'chilankhulo chathu. Ndimalakalaka kumva tsiku lina mphindi khumi zokha, Lolemba madzulo, munthu akunena m'Chichewa, m'Chishona kapena m'Chindebele kuti dzulo ku Donnybrook wapambana ndi uje, pa galimoto yakuti, imene anaimanga ndi uje wa ku Highfield, ndipo pa mapointi zinthu zili motere. Atchule bambo wa ku Ntcheu uja. Mpira umatchula kochi, dokotala wa timu, ngakhale wonyamula majezi. Makaniko amene wachezera usiku wonse kumanga injini satchulidwa paliponse, chonsecho mpikisano wa magalimoto theka lake umachitikira pansi pa boneti. Mwana amene sachita bwino m'kalasi koma manja ake ndi anzeru akanamva kuti ntchito ya sipanala ili ndi ulemerero wake, ndipo makolo ake akanasiya kuiona ngati ntchito ya olephera.

Podikira a wailesi, ife a pa galaja tagwirizana zoyamba tokha. Mjaho wotsatira tidzatseka msanga Loweruka, tidzasonkherana ya kombi, ndipo anyamata onse ophunzira ntchito adzapita, kuphatikizapo wa kapu yofiira uja. Ndamuuza kuti ntchito yake idzakhala kuzungulira kumbuyo kwa magalimoto ndi kope, kufunsa mwaulemu dzina la woyendetsa, mtundu wa injini, ndi amene anaimanga. Anandifunsa kuti, "Abwana, nanga akakandithamangitsa?" Ndinamuuza kuti munthu amene wamanga injini ndi manja ake sathamangitsa womufunsa za injiniyo, vuto lidzakhala kumuletsa kulankhula. Ine ndidzajambula mawu pafoni, m'Chichewa, kunena amene wapambana m'gulu lililonse ndi chimene chinachitika pagulaye, n'kutumiza m'magulu athu a WhatsApp a kutchalitchi, a chithandizo cha maliro ndi a amakaniko. Inu a ku Bulawayo amene mumafika ku bwalo la mjaho la kumeneko, chitaninso chimodzimodzi mutitumizire, kuti tebulo la mapointi tizilemba tokha pa khoma la galaja ndi choko.